Funsani Akatswiri: Opaleshoni Yowongola Nsagwada kwa Munthu Wamkulu

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani ya nsagwada. Ena mwa otilembera akudikira tsiku la opaleshoni, ena anachitidwa kale ndipo sakugona tulo ndi zimene akuona pagalasi. Makalata tawafupikitsa, mayina tachotsa. Pamene mawu athu asiyana ndi a dokotala amene akukuthandizani, mverani iyeyo, poti ndi amene waona zithunzi za mafupa anu.

Zikomo akatswiri. Nsagwada yanga yapansi inatulukira kutsogolo, moti mano apansi amakhala patsogolo pa am'mwamba, ndipo sinditha kudula chakudya ndi mano akutsogolo. Dokotala wa mano akuti mawaya okha sangathandize, pakufunika opaleshoni. Kodi sindinachedwe? Nanga mawayawo alephera bwanji kwa ine pamene anzanga anawawongola bwinobwino? — Mayi wa zaka 34

Mayi, simunachedwe ayi. Opaleshoni imeneyi ndi ya akuluakulu, ndipo amene amauzidwa kuti ayambe adikira ndi achinyamata. Nsagwada yapansi imachedwa kusiya kukula: kwa atsikana imaima pa zaka 16 mpaka 18, kwa anyamata imatha kufika 21. Kuidula isanaime n'kugwira ntchito kawiri, chifukwa ikula ndithu n'kusokoneza zimene zakonzedwa. Ukulu uli ndi zake ziwiri zokha zofunika kuziyang'anira. Dzanzi la pamlomo limene opaleshoniyi imasiya limachedwa kutha kwa munthu wamkulu kusiyana ndi wa zaka 20, ndiponso matenda monga shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a nkhama ayenera kukhala atagonja ntchito isanayambe.

Mawaya, aja ambiri amangoti ma braces, amasuntha mano mkati mwa fupa, koma fupa lenilenilo salisuntha. Dzino limapendeketsedwa mamilimita ochepa chabe, kenako lafika m'mphepete mwa fupa. Mukalikakamiza kupitirira apo, muzu umayamba kutulukira kunja kwa fupa, nkhama zimatsika, dzino n'kuyamba kugwedera. Anzanu aja anali ndi mano opiringizika pa nsagwada zolingana. Inu vuto lili pa maziko.

Maopaleshoni ake alipo atatu, ndipo munthu amachitidwa imodzi, ziwiri kapena zonse tsiku limodzi. Ya nsagwada yam'mwamba imatchedwa Le Fort I, kuchokera kwa René Le Fort, dokotala wa ku France amene mu 1901 anafotokoza mizere imene mafupa a kumaso amathyokera. Fupa limadulidwa mopingasa pamwamba pa mizu ya mano, nsagwada yonse n'kumasuka pamodzi ndi mano ake, kenako imasunthidwira kutsogolo, m'mwamba kapena m'munsi. Ya nsagwada yapansi ndi BSSO, njira imene Hugo Obwegeser ndi Richard Trauner anaifalitsa m'zaka za m'ma 1950. Apa fupa silidulidwa ngati nzimbe. Limang'ambidwa m'litali mbali zonse ziwiri, kuseri kwa mano akumapeto, kuti zigawo ziwirizo zitsetserekane koma zikhale zikukhudzanabe, ndipo n'chifukwa chake limalumikizana bwino. Yachitatu ndi ya chibwano chokha, yosuntha kansonga ka fupa osakhudza mano. Zonsezi amachekera m'kamwa. Nthawi zina pamakhala kabala ka mamilimita ochepa patsaya polowetsera kabawuti kogwirira fupa, ndipo sikachedwa kuzimirira.

Musadabwe akadzakuuzani kuti akufuna kusuntha nsagwada yam'mwamba. Anthu ambiri oganiza kuti yapansi ndi yaitali amapezeka kuti yam'mwamba ndi imene inatsalira m'mbuyo. Chinanso tikuuzirenitu: opaleshoniyi imakonza kalumidwe ka mano ndi maonekedwe a nkhope, koma kulira kapena kuwawa kwa molumikizira nsagwada, paja pafupi ndi khutu, sikuti kumatha kwa aliyense. Kwa ena kumachepa, kwa ena kumakhala momwemo, kwa ochepa kumawonjezeka.

Ndatha miyezi 9 ndi mawaya pokonzekera opaleshoni, koma nkhope yanga ikuoneka yoipa kuposa poyamba ndipo mpata wa mano wakula. Andizulanso mano awiri akumapeto amene sankawawa n'komwe. Kodi pamenepa sanandilakwitse? — Bambo wa zaka 27

Bambo, zimene mukuonazo ndi chizindikiro chakuti ntchito ikuyenda. Pa zaka zonse zimene nsagwada zanu zinkakula mosemphana, mano ankayesetsa kufunafunana: ngati yapansi ndi imene inatulukira kutsogolo, apansi ankagonera m'kati, am'mwamba ankagonera kunja, kuti mwina n'kukumana. Kupendekeka kumeneko kumabisa kukula kwa vutolo. Wowongola mano akuimikanso dzino lililonse chilili pa fupa lake, ndiye mpata weniweni waonekera poyera. Akapanda kutero, dokotala wa opaleshoni sangasunthe nsagwada mokwanira chifukwa mano agundana msanga, ndipo mudzatuluka mutakonzedwa theka.

Gawo limeneli limatenga miyezi 12 mpaka 18, nthawi zina zaka ziwiri. Opaleshoni ikachitika mawaya amakhalabe miyezi ina 6 mpaka 12 kuti mano akhazikike. Pali njira ina yoyamba ndi opaleshoni, mawaya pambuyo, koma imayenera okhawo amene mano awo ndi owongoka kale.

Mano anazulidwawo, aja amamera mochedwa kumapeto kwenikweni, amakhala pamalo enieni pamene fupa lidzang'ambidwe. Dzino likakhala m'katimo fupa limakhala lopyapyala, ndipo limatha kusweka potsata njira yolakwika kapena kusowa pogwira timabawuti. Madokotala ambiri amawazula kutatsala miyezi 6 kapena kuposerapo kuti dzenjelo lidzaze fupa latsopano. Ena amazula tsiku lomwelo la opaleshoni. Zonse ziwiri zimachitika.

Tsiku likayandikira mudzajambulidwa X-ray ndi CT, makina oonetsa mafupa mbali zonse, adzayeza mano, ndipo opaleshoni yonse idzayamba yachitidwa pa kompyuta kapena pa zifanizo za mano anu. Kuchokera pamenepo amaumba kapulasitiki kopyapyala kokhala ndi madindo a mano am'mwamba ndi apansi, kamene kamalondolera dokotala poika nsagwada pamalo pake. Kuyambira tsiku loyezalo mano asasinthenso. Waya akaduka, kachitsulo kakamatuka padzino, kapena dzino likabooka n'kufuna kumatidwa, nenani msanga, chifukwa kusintha kochepa kungachititse kuti kapulasitikiko kasalowe.

Opaleshoni yanga ya nsagwada zonse ziwiri yatsala masabata 8. Ndimasuta fodya pang'ono ndipo ndimamwa mapiritsi olera. Ndikonzekere bwanji? — Chemwali wa zaka 29

Chemwali, yambani ndi fodyayo, lero lomwe. Nsagwada yam'mwamba ikadulidwa imatsala ikulandira magazi kudzera m'minofu ya kumwamba kwa m'kamwa ndi ya m'mbali basi. Nikotini amafinya mitsempha ya magazi, ndiye njira yochepa kaleyo imacheperatu. Zotsatira zake ndi mabala osapola, fupa losagwirana, mafinya pa tizitsulo, ndipo zikaipitsitsa kachigawo ka fupa kapena nkhama kamafa. Siyani kutatsala masabata osachepera 4 mpaka 6, ndipo musayambenso mpaka fupa litagwira. Ndudu zamagetsi zija nazonso zili ndi nikotini yemweyo.

Za mapiritsi olera uzani dokotala sabata ino. Amene ali ndi mahomoni a estrogen amawonjezera ngozi ya kuundana kwa magazi m'miyendo munthu akagona nthawi yaitali pa opaleshoni, ndipo madokotala ena amawaimitsa kutatsala masabata 4. Akatero mufunika njira ina yolera, poti opaleshoniyi sichitika munthu ali woyembekezera. Lembani mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale a zitsamba. Aspirin, warfarin ndi ena opyapyaza magazi amafuna dongosolo lapadera, ndipo musawasiye nokha. Mankhwala olimbitsa mafupa a gulu la bisphosphonate ayenera kutchulidwa ngakhale munawasiya kalekale, chifukwa amakhalitsa m'fupa ndipo amasokoneza kupola kwa nsagwada. Adzakuyezani kuchuluka kwa magazi. Akapezeka ochepa, masabata 8 ndi okwanira kuwakweza ndi mankhwala a ayironi. Pitani akakutsukeni mano ndi kumata obooka. Ndipo ino si nthawi yochepetsa thupi, mudzaonda nokha.

Kunyumba kukhale makina ogayira zakudya, kasefa, masirinji akuluakulu a 50 kapena 60 ml okhala ndi kapaipi kofewa, kasupuni kakang'ono, mswachi wa mwana, mafuta opaka pamilomo, mapilo atatu, timatawulo tambiri ndi kagalasi kodziyang'anira pakudya. Funsani mankhwala a ululu amadzi kapena osungunuka, chifukwa piritsi lalikulu silidzalowa. Pezani munthu wokhala nanu usana ndi usiku sabata yoyamba yonse. Tsiku la opaleshoni lamulo lofala ndi lakuti chakudya chithe kutatsala maola 6, madzi oyera kutatsala maola awiri, koma tsatirani nthawi imene achipatala akulemberani.

Chimene chikundiopsa ndi kudzuka nditamangidwa pakamwa ndi mawaya. Nanga nditafuna kusanza? Ndipuma bwanji? Ululu wake ndi wotani? — Wowerenga wa zaka 31

Kumanga nsagwada ndi mawaya kwa masabata 6 inali njira ya kale, ndipo masiku ano imachitika mwa apo ndi apo, fupa likasweka molakwika kapena likakhala lofooka. Tsopano fupa limagwiridwa ndi tizitsulo ndi timabawuti ta titanium ta pafupifupi mamilimita awiri m'mimba mwake. Pakati pa mano am'mwamba ndi apansi amangokoleka timalabala tolondolera kalumidwe. Kwa ena timakhala tolimba masiku oyamba, kwa ena pakamwa pamatseguka pang'ono kuyambira tsiku loyamba.

Nsagwada imodzi imatenga ola limodzi mpaka atatu, zonse ziwiri maola 3 mpaka 5, muli m'tulo ta mankhwala. Paipi yopumira imadzera m'mphuno kuti mano athe kulumana pamene akugwira ntchito, choncho mudzadzuka kummero kukukanda. Ambiri amagona m'chipatala usiku umodzi mpaka utatu.

Kusanza kumachitikadi, makamaka usiku woyamba, chifukwa magazi amene mwameza amanyansa m'mimba. Koma zotuluka ndi zamadzi zokhazokha, ndipo zimadutsa m'mipata ya mano ndi kuseri kwa mano akumapeto. Khalani tsonga, weramirani kutsogolo, kokani masaya ndi zala, zituluke. Amene amangidwa zolimba amapatsidwa kalumo kodulira kuti aziyenda nako, ndipo amadula pokhapokha mpweya ukavuta.

Ululu ambiri amaupeza wochepa kuposa mmene ankaopera, chifukwa nkhope imakhala ya dzanzi. Paracetamol 1 g pa maola 6 aliwonse, osapitirira 4 g patsiku, pamodzi ndi ibuprofen ngati dokotala wavomereza, zimakwanira kwa ambiri pakadutsa masiku oyamba. Mankhwala amphamvu a mtundu wa codeine kapena morphine amadzimbitsa ndi kuchititsa nseru, choncho asatenge masiku ambiri.

Zosautsa zenizeni ndi ziwiri: kutupa ndi kutsekeka kwa mphuno. Kutupa sikufika pachimake tsiku loyamba. Kumakula mpaka tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo apa m'pamene ambiri amalira n'kumati bwenzi osachita. Milomo imakula, dovu limangotsika osalimva, mikwingwirima imatha kutsikira kukhosi mpaka pachifuwa n'kusanduka yachikasu. Gonani mutu uli m'mwamba pa mapilo awiri kapena atatu kwa masabata awiri. Ikani ayezi wokulunga m'nsalu mphindi 20, n'kupumira mphindi 20, masiku awiri oyamba. Osamugunditsa pakhungu mwachindunji, poti khungu la dzanzi silikuchenjezani likamapsa ndi kuzizira. Dzukani muziyendayenda m'nyumba kuyambira tsiku lotsatira. Kutupa kwakukulu kumaphwa m'masabata awiri kapena atatu, koma kotsalira pambali pa mphuno ndi pamlomo wam'mwamba kumatenga miyezi 6 mpaka 12. Musaweruze nkhope yanu mwezi woyamba.

Za mphuno: mdulidwe wa nsagwada yam'mwamba umadutsa m'mphako za mpweya za m'masaya, ndipo mphakozo zimadzaza magazi. Mphuno imatseka kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo timagazi takuda timadontha mukawerama. Musamine kwa masabata 3 kapena 4, kapena monga akuuzirani. Kumina kumakankhira mpweya ndi tizilombo m'minofu kudzera pa mdulidwe, tsaya n'kufufuma nthawi yomweyo, ndipo kungayambitsenso kukha magazi. Pukutani chabe, donthezani madzi amchere a m'mphuno, ndipo poyetsemula musatseke pakamwa kapena kutsina mphuno.

Thamangirani kuchipatala mpweya ukamavuta, magazi ofiira akamatuluka osaleka mutapanikiza mphindi 15, thupi likatentha kupitirira madigiri 38, kutupa kukayambanso kukula tsiku lachinayi litadutsa, mukalephera kumeza madzi, kapena katumba wa mwendo umodzi akatupa n'kumawawa. Magazi ambiri a m'mphuno amatha kubwera ngakhale patatha masabata awiri kapena atatu, ndipo amenewo si oyembekezera kuti kuche.

Amuna anga anachitidwa opaleshoniyi masiku 10 apitawo. Akungomwa madzi a zipatso ndi msuzi woyera, aonda ndipo akumva chizungulire. Akukananso kutsuka mano kuopa kuthothola ulusi. Ndiwathandize bwanji? — Mayi wodandaula

Mayi, amuna anuwo ali ndi njala, ndipo vuto limeneli ndi limene timaliona kawirikawiri kuposa ena onse. Madzi a zipatso ndi msuzi woyera zimadzaza m'mimba koma mulibe zomangira fupa. Kutsika makilogalamu 3 mpaka 5 n'kofala, koma kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lawo ndiye kuti dokotala adziwe.

Werengani motere. Munthu amene akupola amafuna mapuloteni pafupifupi 1.2 mpaka 1.5 g pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wolemera makilogalamu 70 ndiye kuti 84 mpaka 105 g. Dzira limodzi lili ndi 6 g, kapu ya mkaka ya 250 ml ili ndi 8 g. Mukuona nokha kuti katatu patsiku sizingakwane pamene munthu akumwera m'sirinji. Adye kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu, pang'onopang'ono, maola awiri aliwonse, kaya njala ilipo kaya palibe. Gayani chakudya chenicheni: nyama kapena nsomba yophikidwa mpaka kufeweratu, mazira ophika, nyemba, ndiwo zamasamba, n'kusungunula ndi mkaka kapena msuzi, osati madzi. Onjezerani mphamvu popanda kuchulukitsa chakudya: supuni ya mafuta ophikira, supuni ziwiri za mkaka waufa, yogati, peyala. Sefani kuti timinga ndi timakoko tisakodwe m'mawaya. Madzi akwane malita awiri patsiku. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti akuchepa, ndipo chizungulirecho nthawi zambiri chimachokera pamenepo.

Kapaipi ka sirinji kadutse m'mbali mwa tsaya kukafika kuseri kwa mano, iwo atakhala tsonga. Akangotha kumwera m'kapu asiye sirinjiyo, chifukwa kapu imalowetsa zambiri. Kuyamwa ndi kapaipi komwera zakumwa (straw) kupewedwe masiku oyamba, poti kumakoka mabala. Yesani kutentha kwa chakudya padzanja lanu musanawapatse. Mlomo wa dzanzi umapsa mwini wake osadziwa.

Kawirikawiri sabata imodzi kapena ziwiri zoyamba zimakhala za zamadzi, kenako zofewa zophwanyika ndi lilime kapena foloko mpaka sabata ya 6. Lamulo lake ndi limodzi: osatafuna. Tizitsulo tija tinapangidwa kuti tigwire fupa lili phee, osati kuti tisenze mphamvu ya kutafuna. Fupa likamagwedezeka pamene likulumikizana, pampatapo pamamera mnofu wolimba m'malo mwa fupa, timabawuti timakhwefuka, kalumidwe kamasokonekera, ndipo mapeto ake ndi kubwerera ku opaleshoni. Chovuta n'chakuti pa sabata yachitatu munthu amadzimva kuti wachira, fupa lisanagwire.

Za mswachi, auzeni kuti m'kamwa mwauve ndi moopsa kuposa mswachi. Ulusi uli m'mwamba, mokumana tsaya ndi nkhama, kutali ndi pamene mswachi wa mwana umadutsa, ndipo umasungunuka wokha m'masabata awiri kapena atatu. Atsuke mano ndi mawaya mofatsa akatha kudya kulikonse. Achukuche ndi madzi ofunda amchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi, mosagwedeza mwamphamvu. Achukuchenso ndi mankhwala otsukira m'kamwa a chlorhexidine, a 0.12% kapena 0.2%, kawiri patsiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Amadetsa mano ndi lilime koma zimachoka potsukidwa. Ngati analoledwa kuchotsa timalabala pakudya ndi potsuka, ajambule chithunzi cha mmene takolekedwera asanachotse. Kalabala kokoleka padzino lolakwika kamakokera nsagwada kolakwika usiku wonse.

Akamaoneka okhumudwa ndi osafuna kulankhula, sizachilendo pa masiku amenewa: tulo n'tochepa, nkhope sakuizindikira, ndipo mankhwala ochepetsa kutupa amene amaperekedwa kuchipatala amasokonezanso maganizo akamatha m'thupi. Zikapitirira masabata awiri kapena atatu, auzeni adokotala.

Papita miyezi itatu chichitireni BSSO. Mlomo wapansi ndi chibwano mbali ya kumanzere sindizimva, ndipo masiku ano mukuyenda ngati nyerere, nthawi zina kulasa ngati magetsi. Kodi mtsempha anaudula? — Bambo wa zaka 42

Bambo, nyererezo ndi uthenga wabwino. Mtsempha womvera wa mlomo wapansi ndi chibwano umadutsa m'kati mwa fupa la nsagwada, m'kanjira kake, pamalo enieni pamene fupa limang'ambidwa. Ngakhale dokotala asamale chotani, umakokedwa kapena kupanikizika, ndipo pafupifupi aliyense amadzuka ndi dzanzi. Kuudula kwenikweni sikuchitika kawirikawiri, ndipo dokotala akaona kuti wadulidwa amausoka pomwepo. Mtsempha wovulala umaphukanso pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku zikamayenda bwino, ndipo pobwerera umayamba ndi kunyerenyetsa, kuyabwa ndi kulasa.

Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 6 yoyamba, koma kumapitirira mpaka miyezi 12 kapena 18. Tisakunamizeni: ena amatsala ndi kadera kosamva bwino moyo wonse, ndipo mwayi wa zimenezi umakula munthu akapitirira zaka 35 kapena 40. Mtsemphawu ndi womvera chabe, si woyendetsa minofu, choncho mlomo sugwa ndipo wokuonani sangadziwe. Wa mlomo wam'mwamba ndi masaya, umene umakhudzidwa pa Le Fort I, umachira msanga kuposa uwu.

Kamodzi pa mwezi, mutatsinzina, wina akukhudzeni ndi kathonje n'kulemba malire a dera losamvalo, mujambule. Likamachepa ndiye kuti zikuyenda. Pometa ndevu ndi pakudya muzidziyang'ana pagalasi, ndipo samalani kudziluma mlomo. Bwererani msanga ngati dzanzi lasanduka ululu wootcha umene ukukulepheretsani kugona, chifukwa ulipo mankhwala ake apadera ndipo paracetamol sauletsa. Amene pa miyezi itatu sakumva kalikonse, ngakhale nyerere, asadikire chaka. Kukonza mtsempha kumayenda bwino kukachitika msanga.

Kodi tizitsuloti tidzachotsedwa? Sitidzalira pabwalo la ndege? Ndipo bwanji mnzanga anatupanso patatha miyezi inayi? — Wowerenga wa zaka 25

Timakhala momwemo moyo wonse ngati sitikuvuta. Titanium sachita dzimbiri, nthawi zambiri saliza makina a pabwalo la ndege, ndipo saletsa kujambulidwa MRI, kungoti muziwauza ojambulawo. Mnzanuyo mwina kabawuti kanakhwefuka n'kuchita mafinya: kutupa mbali imodzi, kukoma koipa m'kamwa, kachithupsa pa nkhama. Zimachitika kwambiri ku nsagwada yapansi ndiponso kwa osuta. Maantibayotiki amaziziritsa, koma zikamabwerezabwereza kachitsulo kamachotsedwa pa opaleshoni yaing'ono. Pa miyezi inayi fupa limakhala litagwira, silikufunanso chogwirizira.

Ndibwerera liti kuntchito ndi kumpira? Pano ndi sabata ya 5 koma pakamwa pakungolowa chala chimodzi ndi theka. — Mnyamata wa zaka 23

Achimwene, ntchito ya pa desiki masabata awiri mpaka anayi, yonyamula katundu masabata 6. Kuthamanga pang'ono kungayambe sabata ya 6 ikadutsa. Mpira, nkhonya ndi chilichonse chimene chigongono chingakupezeni kumaso, dikirani miyezi itatu, ndipo dokotala ayambe wavomereza.

Chala ndi theka pa sabata ya 5 si zodabwitsa. Minofu yotafunira inadulidwa ndi kukokedwa, kenako yakhala osagwira ntchito. Munthu wabwinobwino amayasamula mamilimita 40 kapena kuposerapo, kutanthauza zala zitatu zoimika pakati pa mano akutsogolo. Yembekezerani zala ziwiri cha pa sabata ya 6 mpaka 8, zitatu pa miyezi itatu. Pakali pano yasamulani ndi minofu yokha, muyendetse nsagwada kumanja, kumanzere ndi kutsogolo, maulendo 10, kanayi kapena kasanu patsiku, mutayamba mwathowa masaya ndi kansalu kofunda. Kukankha ndi zala kudikire chilolezo cha dokotala, kawirikawiri sabata ya 6 ikakwana. Mumve kukoka, osati kulasa. Miyezi itatu ikatha musanafike zala ziwiri, pemphani kuonana ndi wa mafizo, chifukwa zipsera za m'minofu zikakhwima zimavuta kuzitambasula.

Chaka chatha chichitireni opaleshoni yokokera nsagwada yapansi kutsogolo. Poyamba mano ankalumana bwino, koma tsopano akutsogolo ayamba kusiya mpata ndipo chibwano chikuoneka ngati chikubwerera. Chikuchitika n'chiyani? — Chemwali wa zaka 26

Chemwali, musadikire tsiku limene anakulemberani. Pitani mwezi uno. Kubwerera pang'ono, milimita imodzi kapena ziwiri, kumachitika kwa ambiri chifukwa minofu ndi khungu zimakokera fupa kumene linali, ndipo madokotala amakuwerengeratu. Koma mpata wotseguka kutsogolo pamodzi ndi chibwano chobwerera zili ndi zifukwa zitatu zofunika kuzisiyanitsa.

Choyamba ndi mano okha kusuntha, fupa lili pamalo pake. Izi zimachitika munthu akasiya kuvala zogwirizira mano zija amapereka mawaya akachotsedwa. Zimenezi n'zovala usiku uliwonse kwa zaka, ndipo kunena zoona, kwa nthawi yonse imene mukufuna mano akhale owongoka. Chachiwiri ndi lilime lozolowera kugona pakati pa mano akutsogolo. Kukankha kwake n'kofooka koma n'kwa maola ambiri, ndipo mano amagonja.

Chachitatu ndi chimene chikutichititsa kuti tikufulumizeni. Mitu iwiri ya nsagwada yapansi, imene imalowa molumikizira pafupi ndi makutu, nthawi zina imayamba kudyeka n'kufupika. Ikafupika, nsagwada yonse imazungulira chammbuyo, mano akumapeto amagundana msanga, akutsogolo n'kutseguka. Vutoli limakonda akazi achitsikana amene nsagwada yawo inali yaing'ono ndi yotsetsereka kwambiri, amene anakokedwa mtunda wautali, komanso amene molumikizira munkavuta kale. Limayamba pakati pa miyezi 6 ndi zaka ziwiri opaleshoni itachitika, ndipo kwa ena silipweteka n'komwe.

Dokotala adzajambula X-ray ya m'mbali n'kuiyerekeza ndi imene anajambula opaleshoni itangotha, ndipo CT idzaonetsa mitu ija. Akapeza kuti ikudyeka, sathamangira kudulanso. Amayamba apumitsa molumikiziramo ndi kapulasitiki kovala usiku, chakudya chofewa ndi mankhwala oletsa kutupa, amayeza magazi kuona ngati pali nyamakazi, kenako amajambulanso patatha miyezi 6 mpaka 12. Kukonzanso kumakambidwa zithunzi ziwiri zotsatizana zikaonetsa kuti kudyekako kwaima. Popita tengani zogwirizira mano zanu kuti aone ngati zikulowabe, ndiponso zithunzi za nkhope yanu za m'mbali zimene munajambula mawaya atangochotsedwa.